Turbo pa Hilux ya 3L: yambani ndi mpweya, dizilo abwere pambuyo

Achimwene, mwafunsa zoika turbo (chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini) pa Hilux yanu ya injini ya 3L poti ikumafooka pa Chiweta mukasenza matumba, ndipo mwati makaniko akufuna atsegulenso pampu kuti izimwa dizilo wambiri. Turboyo ikani ndithu. Koma pampuyo asaikhudze kaye.

3L ndi injini ya malita 2.8 yokoka mpweya payokha, ndipo ngakhale ili yatsopano mphamvu zake sizifika mahatchi 100. Mukamachoka kunyanja kukwera ku Mzuzu, komwe ndi mamita oposa 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya umanka nupepuka, ndipo injini yotere imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zake pa mamita 1,000 alionse. Chimene ikusowa paphiripo ndi mpweya. Kuithira dizilo wambiri mpweya uli womwewo, mupeza utsi wakuda ndi moto basi.

Apa ndiye pamene ambiri amaphera injini. Ya petulo imapsa mafuta akachepa, pomwe ya dizilo imapsa mafuta akachuluka. Geji ya padashibodi imangoyeza madzi, moti ikamadzakwera hedi imakhala itawawuka kale. 3L imafinya mpweya kwambiri, 22.2 kwa 1, ndipo moto umayambira m'timaenje ta m'hedi momwemo, choncho kutentha kukapyola hediyo imang'aluka pakati pa mavalavu. Ngakhale 2L-T, imene Toyota anaiikiratu turbo kufakitale, imadziwika ndi nthenda yomweyi. Nanga yanu yochita kuikirayi?

Ndiye ndalama yoyamba ipite ku geji ya EGT, yoyeza kutentha kwa utsi. Kachitsulo kake kabooleredwe pamanifodi (mapaipi olandira utsi kuchoka m'hedi), utsi usanalowe mu turbo. Pokwera phiri lalitali izikhala cha m'ma 650°C. Ikamayandikira 700, bwezani phazi, tsitsani giya. Popanda geji imeneyi ine sindingalole munthu kugwira pampu yanga, kaya ndi katswiri wotani.

Musanagule turbo, yezetsani kompuresheni, mphamvu imene injini ikufinyira mpweya. Injini ikulira, tsegulaninso chotsekera cha oyilo: ngati pakufuka utsi mwamphamvu, malingi a mapisitoni atha, ndipo turbo ingowamaliza. Manozo opopera dizilo mu injini akayezedwe kwa okonza mapampu, radiyeta itsukidwe mkati, ndipo lamba wa taimingi ngati wayandikira makilomita 100,000 asinthidwiretu.

Turbo ikhale yaing'ono. Ambiri amatenga turbo ya CT20 ya pa 2L-T pamodzi ndi manifodi yake, koma yerekezani mabowo musanapereke ndalama. Ya lole musanyengeke nayo kukula, imachedwa kudzuka, pomwe inu mphamvu mukuifuna injini isanakwere kwambiri. Ngati ndi yakale, gwirani kamtondo ka pakati ndi zala ziwiri. Kugwedera pang'ono cham'mbali si vuto, koma kakamalowa ndi kutuluka, kapena timapiko takhula chitsulo cha m'mbali, isiyeni pomwepo. Mphamvu ya mphepo ya turbo yambani ndi 7 psi, ndipo pa injini yomwe sinasinthidwe mkati musapyole 10. Ekizosi ikulitsidwe kufika mainchesi 2.5.

Muimirepo nokha pamene akulumikiza paipi yobweza oyilo kuchoka mu turbo. Ikhale yotakasuka, yotsetsereka njira yonse, ndipo ilowe mu sampu (mosungira oyilo pansi pa injini) pamwamba pa pomwe oyilo amalekeza. Ikapindika kapena kumira, oyilo amabwerera n'kudutsa masilo, kulowa munjira ya mpweya. Injini ya dizilo imatha kuyaka ndi oyilo wakeyo n'kuthamanga yokha, kiyi mutazimitsa kale. Zikatero musataye nthawi: pondani buleki, ikani giya yapamwamba, siyani kilatchi kuti izime, apo ayi tsekani polowera mpweya ndi thabwa. Dzanja musaikepo.

Zonse zikamangidwa, yendani nayo kaye pampu ili momwe inalili. Muona utsi utachepa, geji itatsika, ndipo paphiri yayamba kale kukoka bwinoko, chifukwa dizilo amene ankatuluka osapsa uja tsopano akupsa. Apo ndiye muyambe kuwonjezera. Kumbuyo kwa pampu, chakumtunda kwa mapaipi opita kumanozo, kuli bawuti yaing'ono yokhala ndi nati yomangira. Ikani chizindikiro cha penti pomwe ili, kuti muzidziwa pobwerera. Ilowetseni gawo limodzi mwa magawo 8 a kuzungulira kumodzi, mangani nati, kwerani phiri lomwelo ndi katundu yemweyo maso ali pageji ndi pagalasi. Zili ngati kuthira mchere m'ndiwo, pang'onopang'ono uku mukulawa. Injini ikayamba kulira mokwera galimoto itaima, itsitseni ndi bawuti yake ya aidilingi. Utsi wotuwa pang'ono pamene mwangoponda si kanthu, koma wakuda bii wosalekeza ukutanthauza kuti mwapyola.

Pali chinanso. Mapampu ambiri a 3L alibe kachipewa kapamwamba kamene kamamva mphepo ya turbo n'kumawonjezera dizilo molingana nayo. Popanda iko, zimene mwatsegula zija zimabwera ngakhale turbo isanadzuke, ndiye ponyamuka mumafukiza anthu pamsewu. Okonza mapampu angathe kukuikirani chapamwamba cha pampu ya 2L-T n'kuiyeza pamakina awo. Ndalama imeneyo musaiumire.

Mukafika pamwamba pa phiri, injini ilire mphindi imodzi kapena ziwiri musanazimitse, oyilo asapserere mu turbo. Oyilo sinthani pa makilomita 5,000, ndipo fyuluta ya mpweya muziyang'ana pafupipafupi m'chilimwe, poti fumbi limadya timapiko tija.

Mukatsata izi muzikwera Chiweta mosavutikira kusiyana ndi pano, koma 3L sidzasanduka 1KZ-TE, injini ya Toyota yokulirapo yobwera ndi turbo yake. Ngati mukufuna mphamvu za mtundu umenewo, ndi bwino kugula injiniyo n'kukalembetsa nambala yake ku Road Traffic. Pakadali pano yezetsani kompuresheni ya masilinda onse anayi, mutiuze manambala ake pagulu pano, tione ngati injiniyo ingapirire.