Funsani Anti: Mafilimu a zophikaphika

Moni nonse awerengi. Mwezi watha ndinangotchulako pang'ono kuti Loweruka madzulo magetsi akakhalapo ndimakonda kuonera mafilimu okamba za chakudya, nde makalata abwera ambiri pa nkhani yomweyi moti ndasankhapo anayi okha, enawo mundikhululukire malo achepa.

FUNSO: Anti, ine ndine mtsikana wa zaka 22, ndimakhala ku Chikanda ndikuphunzira pa yunivesite pompano. Anzanga mafilimu amene amapatsana pa fulashi ndi a nkhondo kapena achikondi basi, koma ine mtima wanga uli ku zophika, ndimapanga masamusa ndi makeke nkumagulitsa kwa anzanga. Kodi alipo mafilimu oti nkhani yake yeniyeni ndi chakudya? Ndiyambire pati? Mtsikana wa ku Chikanda.

YANKHO: Alipo mwana wanga, ndipo ngambiri, kungoti anyamata oika mafilimu m'mafoni kumsika aja sawasunga poti palibe amawafunsa. Ine ndikanati uyambe ndi The Lunchbox, ya ku India, inatuluka 2013. Usayembekezere magule ndi nyimbo ngati mafilimu achimwenye tinazolowera aja ayi, iyi njofatsa kwambiri. Ku Mumbai kuli anthu amawatchula kuti ma dabbawala, nthawi imene filimuyi inkatuluka analipo pafupifupi 5,000, ntchito yawo nkutenga nkhomaliro yophikidwa pakhomo kukaipereka kuofesi kwa mwini wake, ena pa njinga ena pa sitima ena kusenza pamutu, ndipo ntchitoyi inayamba kale cha m'ma 1890, amadziwika kuti sasokoneza. Nde mufilimumu tsiku lina asokoneza. Mayi wina dzina lake Ila, amuna ake anasiya kumulabadira, waphika ndi mtima wake wonse kuti mwina mwamuna nkutembenuka mtima, koma chakudya chija chakafika kwa bambo wina amene mkazi wake anamwalira ndipo watsala pang'ono kupuma pa ntchito, amene akusewera bamboyu ndi Irrfan Khan, anatisiya 2020. Madzulo zitini zija zabwerera zili mbee, osatsala nkambewu komwe. Iwe poti umaphika ukudziwa mmene mtima umachitira mbale ikabwerera yopanda kanthu, palibe mawu oposa pamenepo, ndipo kamera imakhala pankhope ya Ila nthawi yaitali osathamangira kwina. Kenako amayamba kulemberana timakalata nkumatibisa m'zitini momwemo. Chimandisangalatsanso ndi mayi wa nyumba yapamwamba amene sitimuona nkhope filimu yonse, timangomva mawu ake akulangiza pazenera nkumatsitsa zokometsera ndiwo pa kadengu komanga chingwe, ndendende mmene timapemphanirana mchere ndi soda pa mpanda ku Matawale.

Ukatha imeneyo usake Babette's Feast, ya ku Denmark, 1987, inapata mphoto ya Oscar ya filimu ya chilankhulo chakunja. Nkhani yake analemba ndi Karen Blixen, mayi uja anakhalapo ku Kenya akulima khofi. Iyi imafuna kudekha, theka loyamba lonse anthu akungodya nsomba zouma ndi phala la buledi m'kamudzi kozizira ka anthu opemphera kwambiri. Babette anathawa nkhondo ku Paris mu 1871, wakhala zaka 14 akugwira ntchito kwa amayi awiri apachibale osalandira malipiro, palibe akudziwa kuti kwawo anali shefu wamkulu. Ndiye wawina mafulanki 10,000 pa lotale, aliyense akuganiza kuti basi azipita kwawo, koma iye ndalama yonse waithera pa mgonero umodzi wa anthu 12, msuzi wa kamba wa m'nyanja, zinziri, vinyo. Anthu a mpingo aja apangana kuti adya koma osayamikira, poopa kuti kukoma kwa chakudya ndi tchimo, koma kudya kuli mkati anthu amene anasungirana mangawa zaka zambiri ayamba kukhululukirana patebulo pomwepo. Ine ndinalira, ndipo ndinakumbukira amayi ophika pamaliro amene amagona kumafuwa usiku wonse utsi uli m'maso koma pa mwambo satchulidwa maina. Papa Francis ankaikonda filimuyi mpaka anaitchula m'kalata yake ya za mabanja ya 2016.

Poti uli pa geni, onjezerapo Chef ya 2014, ya shefu amene wasiya ntchito ku lesitilanti yapamwamba nkuyamba kugulitsa masangweji pa galimoto limodzi ndi mwana wake, imeneyo njopepuka, muli timawu tina tolaula ndiye osaonera ndi ana. Ilinso Eat Drink Man Woman ya Ang Lee, 1994, ya bambo wa ku Taipei wophikira ana ake aakazi atatu Lamulungu lililonse pamene iye lilime linasiya kumva kukoma. Mphindi zoyambirira zokhazo, manja akupala nsomba, kudula, kukazinga, zikukwanira kukuphunzitsa kagwiridwe ka mpeni.

FUNSO: Anti, ana anga anaonera katuni ya khoswe wophika ija, pano mwana wanga wamwamuna wa zaka 11 wandivuta kuti tiphike chakudya chomwecho. Mayi ake akuti za khoswe m'khitchini nzonyansa, agogo ake akuti mwana wamwamuna asamazolowere kukhala pa mbaula. Kodi chakudyacho chingaphikike kuno? Bambo wa ku Chinamwali.

YANKHO: Achimwene, katuniyo ndi Ratatouille ya kampani ya Pixar, 2007, ndipo dzinalo ndi la ndiwo osati la khoswe, khosweyo ndi Remy. Alamu anga sakulakwa, khoswe wa m'nyumba si mbewa ya kumunda, ndipo filimuyo payokha sikubisa zimenezo, lesitilanti ija pamapeto a zaumoyo anaitseka chifukwa cha makoswe omwewo. Koma muwapemphe aonere nanu malo amodzi okha, pamene bambo wolemba zodzudzula malesitilanti uja, Anton Ego, amene mashefu onse a mu Paris amamuopa, wangolawa koyamba cholembera nkugwa pansi, maganizo amubwezera ali kamnyamata atagwa pa njinga mayi ake akumupatsa ndiwo zomwezo. Anamugonjetsa ndi ndiwo zamasamba za alimi wamba, osati nyama yodula. Aliyense wa ife ali nayo mbale yotero, kwa ine ndi nkhwani wotendera wa mayi anga malemu ndi nsima ya mgaiwa.

Kuphikika ikuphikika bwinobwino, zonse zili mu msika waukulu wa Zomba kapena pa Mpondabwino. Ndiwozi kwawo ndi kummwera kwa France, dera la Provence cha ku Nice. Gulani mabiringanya awiri, tomato wakupsa bwino asanu kapena asanu ndi mmodzi, anyezi awiri, girini pepa awiri, adyo pang'ono. Azungu amaikamo zukini, mukamusowa tengani maungu anthete aja khungu lisanalimbe, amagwira ntchito yomweyo. Chinsinsi chake musaponye zonse mumpoto nthawi imodzi ayi, zimasanduka phala. Kazingani mabiringanya paokha mpaka afiire muchotse, maungu paokha muchotse, kenako anyezi ndi girini pepa, adyo, tomato, msuzi ukagwirana bwezeranimo zija munachotsa, mchere, nkuphula makala ena pa mbaula kuti moto ukhale wochepa, zibwate pang'onopang'ono mphindi 30 kapena 40 osathira madzi ambiri. Ya mufilimu yoyalidwa mozungulira mokongola ija anaikonza ndi shefu wa ku America Thomas Keller, imafuna uvuni ndi kudula mopyapyala, koma ya mumpoto ndiye yeniyeni ya kumudzi kwawoko. Dyerani mpunga wa ku Domasi, ngakhale nsima imayenda.

Za agogo, alankhuleni mwaulemu koma mwanayo musamuchotse pa mbaula. Amene amakazinga chipisi ndi kanyenya pa ziwaya mu tauni monsemu ndi anyamata, m'mahotela ophika ambiri ndi abambo, ndiye chovuta nchiyani akaphikira mayi ake pakhomo? Mpeni muzimuyang'anira, mafuta otentha muzithira ndinu.

FUNSO: Anti, Chingerezi chothamanga chimandivuta, nanga za Chidanishi ndi Chihindi ndizimva bwanji? Komanso bandulo ikudula. Mayi wa ku Sadzi.

YANKHO: Achemwali musadandaule, mafilimu a mtundu uwu mawu ake ngochepa, zambiri zimakambidwa ndi manja ndi nkhope. Sakani okhala ndi mawu olembedwa pansi, mukaphonya imitsani mubwerere. Za bandulo, sonkhanani anthu atatu anayi muonere pamodzi pa foni kapena laputopu imodzi, wina abweretse mbatata yootcha wina thobwa.

FUNSO: Anti, mafilimu onse a zakudya amene ndimawaona ndi a kunja, pasta, sushi, keke. Bwanji palibe wa nsima? Kapena zakudya zathu sizioneka bwino pa kamera? Ine ndili ndi foni ya kamera yabwino ndipo ndimajambula maukwati ku Jali ndi ku Songani. Mnyamata wa ku Jali.

YANKHO: Mwana wanga funso lako landikhudza kuposa onse. Choyamba, a kuno kwathu kummwera kwa Africa alipo. Ku Zimbabwe, anzathu odya sadza, anapanga Cook Off mu 2017, wotsogolera Tomas Brickhill, nkhani ya mayi wolera yekha mwana amene walowa mpikisano wophika wa pa TV ku Harare. Anayamba ndi ndalama pafupifupi madola 8,000 okha, koma mu 2020 inakhala filimu yoyamba ya ku Zimbabwe kulowa pa Netflix. Ndiye usati nkhani ndi ndalama zokha.

Kwathu kuno filimu imene dziko lonse linaonamo nsima ndi The Boy Who Harnessed the Wind ya Chiwetel Ejiofor, 2019, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, anaijambulira konkuno ndipo muli Chichewa chambiri. Koma mmenemo chakudya chikuoneka chifukwa chikusowa, ndi nthawi ya njala ya 2001 mpaka 2002, banja likugwirizana zodya kamodzi patsiku. Nzoona zinachitika, ife amene tinalipo sitiiwala, ndipo filimuyo ndimailemekeza. Chimandiwawa nchoti munthu wa ku London kapena ku Tokyo akamva za Malawi ndi chakudya chithunzi chimene ali nacho ndi cha mbale yopanda kanthu chokha, sanaonepo mayi akuomola mitanda ndi chipande choviika m'madzi nthunzi ili tolotolo, sanamvepo kulira kwa mthiko nsima ikamalimba. M'masewero athu a pa TV ambiri mayi amangolowa ndi mbale zovundikira kale, kamera kukhitchini siipita, ngati kuti kumafuwa nkochititsa manyazi.

Zoti zakudya zathu sizioneka bwino ndikukana. Ku Japan anajambula filimu yathunthu imene inatuluka mu 2011, Jiro Dreams of Sushi, ya mkulu wa zaka 85 wokhala ndi kalesitilanti ka mipando 10 yokha pa siteshoni ya sitima ku Tokyo, chimene amapanga ndi mpunga ndi kachidutswa ka nsomba basi, koma anthu anaonera chifukwa wojambula anadekha nkuyang'anitsitsa manja a munthu wodziwa ntchito yake. Iwe uli ku Jali, Kachulu ali pafupi pomwepo. Dzuka mbandakucha ukajambule matemba akutsika m'bwato, amayi akuwayanika, mlamba ukuwambidwa pa utsi, uwatsatire pa njinga mpaka mu msika, mpaka mumpoto wa munthu. Ufunse akuluakulu kuti nyanja ya Chilwa itauma 1995 ndi 2018 ankadyera chiyani nsima, nkhani zikatuluka zokha. Kapena kwera ku Chawe kwa anyamata ogulitsa masitiroberi ndi mbatata ya kachewere m'mbali mwa msewu. Kapenanso osapita kutali, agogo ako akamatcheza chidulo, kutentha mapesi, phulusa kuika m'kachitini koboola pansi, madzi nkumadontha pang'onopang'ono oti akaphikire therere, ana ambiri a m'tauni sanazionepo zimenezo, amadziwa soda wa m'paketi yekha.

Pojambula upemphe kaye chilolezo, anthu ena sakonda kujambulidwa akudya ndipo uwalemekeze. M'khitchini ya utsi mumakhala mdima nde pempha aphikire panja pamthunzi, m'mawa kapena dzuwa litapendeka. Foni uikhazike pa chinthu cholimba isamagwedere, uyandikire manja, ndipo usafulumire kudula, siya mphika uwire kamera ikuona. Nyimbo za paukwati zija usaikemo, phokoso la mtondo, nkhuni zikuthetheka ndi macheza a ophikawo zikhale momwemo. Yamba ndi ya mphindi zisanu, ya ndiwo imodzi ndi munthu mmodzi, ukamaliza unditumizire kudzera kwa akonzi a magaziniyi ndidzaionere ndi bambo wa ku Chinamwali uja ndi mwana wake.