Tifunseni: mfuti zakale za asilikali ndi ntchito za pa kalabu

FUNSO: Ine ndine mdzukulu wa msilikali. Agogo anga aamuna anali a ku Zomba, analembedwa usilikali wa King's African Rifles (KAR), anakamenya nkhondo ku Burma, ndipo atabwerako anadzafuna ntchito kuno ku Harare kumene tonsefe tabadwira. Pa chithunzi chawo chimene chili pa khoma kwathu anyamula mfuti yokutidwa ndi thabwa mpaka kukamwa. Ndamva kuti alipo makalabu owombera chandamale ndi mfuti zoterezi. Kodi ndi mfuti yanji imeneyi, nanga munthu wamba, woyendetsa lole ngati ine, angaloledwe kuigwirako? Mdzukulu, Mabvuku.

YANKHO: Achimwene, monga mwaifotokozeramu, mfuti ya agogo anuyo ndi Lee-Enfield ya mtundu wa SMLE No. 1 Mk III, imene asilikali a Britain anayamba kugwiritsa ntchito mu 1907. Chizindikiro chake ndi chomwe mwaonacho: thabwa limafika mpaka kumapeto kwa mpope, moti mfutiyo imaoneka yofupika mphuno. Mng'ono wake, No. 4, amene anafala kuyambira 1941, mpope wake umatulukirako pang'ono kutsogolo kwa thabwa. Zonse ziwiri zimadya chipolopolo cha .303, n'chifukwa chake akuluakulu ankangoti "firii noti firii". Zimalowa zipolopolo 10, zimalemera pafupifupi makilogalamu 4, ndipo ukawombera kamodzi umayenera kukoka chitsulo chija amati bolt kuti chikhokho chituluke ndi kulowetsa chipolopolo china. Chimene chinatchukitsa mfutiyi ndi kufewa kwa chitsulo chimenechi, chifukwa msilikali wophunzitsidwa bwino, nkhondo ya 1914 isanayambe, ankayembekezeredwa kuwombera zipolopolo 15 pa mphindi imodzi pa chandamale chokhala pa mtunda wa mayadi 300.

Gulu la King's African Rifles linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo mabataliyoni ake oyamba awiri anali a ku Nyasaland. Chipilala chokumbukira asilikali ake chilipobe ku Zomba. Mu 1944 asilikali a kwathu, ali m'gulu la 11th East African Division, anadutsa chigwa cha Kabaw m'nyengo ya mvula yoopsa kulowera ku mtsinje wa Chindwin. Mwina agogo anu anali m'gulu limenelo. Mfuti yawo yeniyeniyo musavutike n'kuifunafuna, popeza inali ya boma ndipo msilikali ankaibweza pochotsedwa usilikali. Chimene ankabwera nacho kumudzi ndi mamendulo ndi nkhani basi.

Kunena za kuigwira, n'zotheka, ndipo kukhala woyendetsa lole si choletsa. Choyenera kudziwa n'chakuti kukalamba kwa mfuti sikuichotsa m'manja mwa lamulo. Kuno ku Zimbabwe lamulo la Firearms Act, Chapter 10:09, limafuna kuti mwini mfuti akhale ndi chiphaso chochokera kupolisi, ndipo apolisi amafuna chifukwa chomveka komanso malo otetezeka osungiramo. Choncho musayambe ndi kugula. Yambani ndi kupita kukaonerera tsiku limene kalabu ikuwombera, mudzidziwitse kwa woyang'anira bwalo, ndipo mufunse ndondomeko yolowera umembala. Mwayi wanu ndi wakuti bwalo lowomberapo la Cleveland lili mbali yanu yomweyo ya kummawa kwa mzinda. Tsiku limene adzakuloleni kuwombera, mudzagona chafufumimba, mlangizi ali pambali panu, mutavala zotseka m'makutu ndi magalasi. Mudzaitsamize mfutiyo zolimba pa phewa, chifukwa kumbuyo kwake kuli chitsulo, osati labala ngati mfuti za masiku ano, ndipo amene amaigwira mwamantha amabwerako ndi phewa lotupa.

FUNSO: Bambo a kunyumba kwathu amapita ku kalabu ya mfuti pafupifupi Loweruka lililonse. Akabwera amakhala ali fumbi lokhalokha, ndipo ndikawafunsa amati tsiku lonse anali m'dzenje kukweza ndi kutsitsa chandamale, kapena ankatchetcha udzu, osalandira ngakhale senti. Iwo alibe mfuti yawoyawo. Kodi anthu a ndalama aja sakungowadyera masuku pamutu? Ndiponso m'dzenjemo sangaphedwe? Mayi wodandaula, Mufakose.

YANKHO: Mayi, funso lanu lili ndi mutu, makamaka kwa ife amene makolo athu anagwira ntchito zolemetsa m'mapulazi ndi m'makhitchini a mzinda uno, ena akusangalala. Nkhawa yotere siiyenera kusekedwa. Komabe pali njira yoyesera nkhaniyi, ndipo ndi yosavuta: funsani bambowo ngati amene amawombera nawonso amalowa m'dzenjemo. Mwambo wa masewerowa, umene unachokera ku mabwalo a ku Britain monga Bisley, kumene mipikisano yakhala ikuchitika kuyambira 1890, umalola kuti owombera azisinthana: gulu lina likuwombera, lina lili ku chandamale, kenako n'kutembenuzana. Ngati dokotala ndi mwini kampani nawonso amatsikira m'dzenje nthawi yawo ikakwana, ndiye kuti amuna anu ndi membala pakati pa anzawo. Koma ngati chaka chathunthu iwo okha ndiwo ali kumeneko, osapatsidwako mpata wowombera kapena kuphunzitsidwa, imeneyo ndi ganyu, ndipo ganyu amalipira.

Ntchito ya m'dzenjemo ili motere. Kutsogolo kwa chandamale kuli chimulu chachikulu cha dothi, ndipo kuseri kwake, m'munsi, muli kanjira kotetezedwa ndi khoma mmene anthu amaima. Chandamale chimakhala pa felemu yokwera ndi kutsika, ndipo chipolopolo chimadutsa pamwamba pa mitu yawo n'kukakwiririka mu mchenga kumbuyo. Munthu wa m'dzenje amamva kulira kuwiri: koyamba kuthetheka kwakuthwa ngati mkwapulo, ndiye patapita kanthawi kugunda kwa mfuti kuchokera kutali. Zili choncho chifukwa chipolopolo cha .303 chimachoka mu mpope pa liwiro la mamita oposa 700 pa sekondi, pamene phokoso limayenda mamita 340 okha. Akamva kuthethekako amatsitsa chandamale, amapeza kabowo katsopano, amabayapo kachizindikiro kooneka patali, amamata kapepala pa bowo lakale, amasonyeza mapointi, n'kukwezanso. Wochita zimenezi mofulumira amakondedwa ndi owombera onse, chifukwa mphepo ikasintha munthu akudikira chandamale, chipolopolo chotsatira chimapita padera.

Ngozi imapewedwa ndi malamulo amene sasinthidwa chifukwa cha ulemu wa munthu. Palibe wotuluka m'dzenje kapena kusuzumira pamwamba kufikira woyang'anira bwalo atalamula kuti kuwombera kuime, mfuti zonse zitatsegulidwa ndi kuyenderedwa, ndipo mbendera yofiira ikhala chizindikiro kwa onse. Udzu umene akutchetchawo nawo si wa maonekedwe chabe. Chipolopolo chimenechi chikhoza kuuluka pafupifupi makilomita 3, choncho woyang'anira amafunika kuona bwalo lonse poyera, ndipo mu Seputembala ndi Okutobala, udzu utauma, kulambula m'mbali mwa bwalo kumateteza ku moto wa m'tchire. Chimodzi chokha ndikupempheni: akabwera azisamba m'manja asanagwire nsima kapena mwana, ndipo zovala za kubwaloko muzichapa pazokha, chifukwa fumbi la kumeneko limakhala ndi mtovu.

Ine ndikuona kuti munthu wopanda mfuti amene wayamba ndi m'dzenje wasankha khomo labwino, popeza akuphunzira mphepo, mtunda ndi malamulo osawononga chipolopolo ngakhale chimodzi, pamene zipolopolo za .303 ndi zodula ndiponso zovuta kupeza. Loweruka lina mudzapemphe kupita nawo. Amayinso amawombera, ndipo ena amagwira ntchito yolemba mapointi.

FUNSO: Amalume atamwalira tinapeza m'sutikesi mwawo zipolopolo zakale zobiriwira ndi mfuti ya dzimbiri yokulungidwa m'chiguduli. Mnzanga akuti tikaiyese kutchire. Tichite bwanji? Wachinyamata, Epworth.

YANKHO: Mwana wanga, mnzakoyo usamumvere. Mfuti yopanda chiphaso ndi mlandu kwa aliyense amene ali nayo, ngakhale ikhale ya malemu, ndipo kuti boma linapereka mwayi wobweza mfuti popanda chilango mu 2022 sikutanthauza kuti mwayiwo ulipo nthawi zonse. Usaikweze kombi (minibasi). Akulu a banja apite kupolisi yapafupi atatenga kalata ya imfa ndi mapepala alionse a mfutiyo amene angapezeke, akafotokoze, ndipo apolisi ndiwo anene za kanyamulidwe kake.

Pambali pa lamulo, mfuti imeneyo ikhoza kukuvulaza iwe mwini. Zipolopolo zakale za asilikali zinali ndi mankhwala oyatsira amene amasiya mchere mu mpope, ndipo mcherewo umakoka chinyontho n'kudya chitsulo; ndiye chifukwa asilikali akamaliza kuwombera ankathira madzi owira mu mpope asanapake mafuta. Mfuti imene yakhala zaka zambiri osatsukidwa motero ingakhale yodyeka mkati kapena yotsekeka ndi zisa za mavu, ndipo ikawombedwa mpope ukhoza kuphulika pafupi ndi nkhope. Zipolopolo zobiriwirazo nazo zili ndi khalidwe loipa lochedwa kuphulika: umakhethemula, zii, ndiye ukati utsegule kuti uone, chimaphulika. Usazitaye m'chimbudzi kapena pamoto; zisiye mmene ziliri m'sutikesimo, kutali ndi ana, mpaka apolisi atabwera. Ngati banja likufuna kusunga mfutiyo monga chikumbutso cha amalume, akuluwo akatchule zimenezo kupolisi tsiku lomwelo, ndipo katswiri wa mfuti wovomerezeka ndiye adzaiyeze ngati ili yoti n'kuwombedwanso.