Nyengo ya ku India mu Seputembala ndi Okutobala, kwa operekeza wodwala

Achemwali, mwafunsa kuti mukuperekeza mayi kuchipatala ku India kumapeto kwa Seputembala, mukakhalako mpaka Novembala, ndiye mulongedze zotani, nanga mvula mukaipeza itatha? Yankho lagona pa mzinda womwe mukupita, chifukwa nthawi imeneyi mvula imakhala ikutsanzika kumpoto uku ikuyamba kumene kum'mwera chakum'mawa.

Mvula yaikulu ya kumeneko imabwera ndi mphepo ya monsoon. Imafika ku Kerala cha pa 1 Juni, n'kufalikira dziko lonse. Posiya imasiya pang'onopang'ono. Malinga ndi nthambi yawo yoona zanyengo ya IMD, imayamba kuleka kumadzulo kwa Rajasthan cha pa 17 Seputembala, ku Delhi cha pa 25 Seputembala, ku Mumbai cha pa 8 Okutobala, ndipo pofika pa 15 Okutobala imakhala itatha. Awa ndi masiku ongoyerekezera; zaka zina imachedwa ndi sabata kapena kuposerapo.

Ngati ndi ku Delhi kapena mizinda yoyandikana nayo monga Gurugram ndi Noida, mvula isakudetseni nkhawa. Masana kumatentha madigiri 33 kapena 34 mu Seputembala ndi Okutobala, koma usiku kumanka kuzizira: madigiri 25 mu Seputembala, 19 mu Okutobala, 13 mu Novembala. Juzi imodzi yopepuka aliyense ndi yokwanira. Choopsa kumeneko ndi utsi. Kuyambira pakati pa Okutobala alimi a m'zigawo zapafupi za Punjab ndi Haryana amatentha ziputu za mpunga kuti adzale tirigu msanga. Nthawi yomweyo mphepo imakhala bata, ndipo mpweya wozizira wam'mawa umatsekereza utsiwo pansi pamodzi ndi wa magalimoto ndi wa makombola a chikondwerero cha Diwali. Muyeso wa kuipa kwa mpweya, AQI, ukadutsa 300 ndiye kuti zavuta. Ukadutsa 400 ngakhale munthu wabwinobwino amatsokomola. Ngati mayi ali ndi vuto la mtima, mapapo kapena mphumu, chonde muwauze adokotala musanagule tikiti, ndipo ngati n'kotheka chithandizo chithe Okutobala asanafike kumapeto. Gulani masiki a N95, chifukwa ansalu aja sasefa utsi wotere. Funsaninso chipinda chokhala ndi makina oyeretsa mpweya, ndipo asamayende panja m'mamawa, poti utsi umachuluka nthawi imeneyo.

Ku Mumbai, mvula ikangoleka kumabwera chifundizi chomwe eniake amachitcha October heat. Madigiri ndi 33 mpaka 35, ocheperapo poyerekeza ndi ku Nsanje mu Okutobala, koma chinyontho cha kunyanja chimachititsa kuti thukuta lisaume, ndiye thupi silizizira. Munthu wamkulu amafooka msanga. Zovala zikhale za thonje zomasuka, ndipo ORS musasowe naye. Ngati mayi adwala impso kapena mtima, kuchuluka kwa madzi akumwa anene ndi dokotala.

Ku Chennai ndiye zimatembenuka. Seputembala kumakhala kotentha, mvula ya apo ndi apo. Cha pa 20 Okutobala mphepo imayamba kuwomba kuchokera kumpoto chakum'mawa, itatunga chinyontho pa nyanja ya Bay of Bengal, ndipo chigawo cha Tamil Nadu, komwe kuli Chennai, chimalandira pafupifupi theka la mvula yake ya chaka chonse kuyambira Okutobala mpaka Disembala. Mzindawu ndi wachidikha, madzi sachedwa kusefukira. Mu Disembala 2015 ngakhale bwalo la ndege linatsekedwa. Pezani malo ogona oti n'kuyenda wapansi kukafika kuchipatala, chipinda cham'mwamba, ndipo mankhwala a mayi azikhala okwanira sabata yathunthu.

Bengaluru ndi kofewa: mzindawu uli pamtunda wa mamita 900, masana madigiri 28, usiku 19 kapena 20. Komabe Seputembala ndi Okutobala ndiyo miyezi yake yamvula kwambiri, yogwa madzulo ndi mabingu. Nthawi yokaonana ndi dokotala muzipempha yam'mawa. Ku Hyderabad nakonso mvula imatha kugwa yamphamvu mochedwa, monga zinachitikira mu Okutobala 2020.

Anamondwe amakonda Okutobala ndi Novembala, makamaka m'mphepete mwa nyanja kum'mawa. Wa ku Odisha pa 29 Okutobala 1999 anapha anthu pafupifupi 10,000, ndipo Hudhud anasakaza Visakhapatnam pa 12 Okutobala 2014. Masiku ano machenjezo amatuluka padakali masiku angapo. Ikani pulogalamu ya zanyengo ya Mausam pafoni: chenjezo lachikasu likutanthauza khalani tcheru, la olenji konzekani, lofiira chitanipo kanthu msanga. Tikiti yobwerera ikhale yotheka kusintha tsiku.

Chomwe chimakhudza mizinda yonseyi ndi nthenda yofalitsidwa ndi udzudzu ya dengue, yomwe imachuluka mvula ikamatha chifukwa cha madzi odikha m'zidebe, m'matayala ndi m'miphika ya maluwa. Udzudzu wake umaluma masana, makamaka m'mawa ndi chakumadzulo, choncho neti yokha siyokwanira ngati mmene tinazolowerera ndi malungo. Dzolani mankhwala othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET, kapena Odomos wopezeka m'mafamase akumeneko, ndipo muzivala zamanja aatali. Wina akatentha thupi mwadzidzidzi, mutu ukuwawa kuseri kwa maso ndi mafupa kuphwanya, amwe panado yekha. Brufen ndi asipirini zimawonjezera kutaya magazi. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo mukapemphe kuyezetsa magazi kwa dengue kotchedwa NS1, komwe kumagwira bwino m'masiku asanu oyambirira, pamodzi ndi malungo poti mwachokera kuno. Ngati mayi amamwa kale asipirini wa mtima, asasiye okha, koma adokotala adziwe msanga.

Mapepala akuchipatala ndi mapasipoti muike m'jumbo yotseka bwino, ndipo muwajambule pafoni. Tiuzeni mzinda ndi tsiku lonyamuka kuti tikuuzeni zoyenera dera limenelo.