Wamakani, waliuma kapena nkhutukumve?

Mnyamata wina wa ku Chinamwali wandilembera kuti: "Pagulu lathu la WhatsApp pali mkulu wina wokonda Bullets. Timu ikagonja amati woyimbira wadya ndalama. Tikamuonetsa kanema wa chigolicho amangoti timadana naye. Anzanga amamutcha dayihadi. Kodi pa Chichewa chenicheni tingamutchule chiyani, ndipo tizitani naye?"

Achimwene, funso lanu landikoma, koma liwu la dayihadi landipweteka. Liwu la masapota ndinalilola kalekale, chifukwa mpira unabwera ndi mawu ake, ngakhale kuti ochemerera ndi liwu lokoma kuposa. Koma kubwereka liwu la munthu wosamva, ngati kwathu kuno kulibe osamva? Chichewa chili ndi mawu atatu, ndipo achinyamata mukuwaphatikiza ngati ndi limodzi.

Makani ndi a pakamwa. Ine sindikayika kuti liwuli linachokera ku kukana. Wamakani amakonda mtsutso weniweniwo. Mukati mvula igwa, iye ati sigwa. Mawa mukati sigwa, iye ati igwa. Pa bawo ku Mpondabwino, kale timuyi ikadatchedwa Bata Bullets, tinali ndi wamakani amene ankachemerera Wanderers pokhapokha pakakhala a Maule, ochemerera Bullets, ambiri. Akapeza a Manoma okhaokha, ochemerera Wanderers, ankasanduka wa Red Lions ya kwathu kuno ku Zomba. Munthu wotere ndi wosavuta. Akuluakulu anati kutsutsa galu n'kukumba: musachuluke mawu, ikani umboni poyera. Wamakani akaona umboni amaseka, n'kuyamba nkhani ina.

Liuma ndi lina, ndipo ndi limene ndimalikonda kulifotokoza. Muli kuuma m'katimo, ngati nthaka ya mu Okutobala imene khasu limangodumpha. Ndinaliphunzira kwa agogo anga aakazi tsiku limene tinkapita ndi mbuzi kumsika wa Songani. Titafika pa kamlatho ka mitengo, mbuzi ija inawongola miyendo yakutsogolo, n'kukhazika ziboda pansi. Sinalire. Ine ndinakoka chingwe mpaka m'manja munatuluka matuza, khosi lake linatalika, koma osasuntha. Agogo anati, "Leka kukoka, mdzukulu wanga, imeneyo ndi ya liuma." Anamasula chingwe pang'ono, n'kuyang'ana kumbali, ndipo patapita kanthawi mbuzi inawoloka yokha. Waliuma salongolola. Amadziwa kuti walakwa, koma kuvomera pamaso pa anthu ndiye ayi. Pagulu la anthu makumi asanu, aliyense akuwerenga, mukamukoka ndiye mukumuumitsa. Mulembereni payekha, kapena musiyeni agone nazo.

Nkhutukumve ndi wachitatu. Mukamvetsera bwino mumva khutu ndi kumva m'liwulo: makutu ali nawo, mawu amalowa ndithu, koma malangizo satsata. Liwuli limayenera mwana kapena wamng'ono amene akulangizidwa, uja amati adzamva nkhwangwa ili m'mutu. Kulinena kwa munthu wamkulu pa nkhani ya mpira ndi mwano, ndiye mulisiye.

Tsono mkulu wanuyo? Ine ndikuti pa mawu atatuwa palibe lomuyenera. Vuto lake silili m'kamwa kapena m'khutu, lili mumtima. Anaikonda timu mpaka kuidzudzula kumamveka ngati mwanyoza amayi ake. N'chifukwa chake akuti mumadana naye pamene inu mukunena za chigoli. Chichewa chimati ndi wotengeka, ndipo ali nganganga pambuyo pa timu yake. Tamverani kulemera kwa nganganga. Lilime limamatirira kum'mero katatu, ngati nkhupakupa pakhutu la galu. Liwuli andale analigwiritsa ntchito kwambiri pamisonkhano, koma ndi lathu tonse, ndipo dayihadi sangalifike n'komwe. Musamusokonezenso ndi atidyenawo. Awo amatsata chakudya, chikatha amachoka. Wanganganga amaika ndalama zake zomwe, timu ili pansi iye ali pomwepo.

Wotengeka simungamugonjetse ndi kanema, chifukwa iye sakutsutsa kanemayo. Yambani mwavomereza chabwino cha timu yake, monga kuti Bullets yatenga ligi kambirimbiri, zomwe ndi zoona. Akaona kuti simunabwere kudzanyoza, mufunseni funso limodzi lokha lokhudza chigolicho, n'kusiya foni pansi. Akayankha ndi chipongwe, musabweze.