Apongozi anandisiyira mfuti ya Winchester, ndiyambire pati?

Funso: Bambo amisiri, ine ndimakhala ku Pennsylvania, ku America. Apongozi anga aamuna anatisiya chaka chatha, ndipo pogawa katundu abale anandipatsa mfuti yawo yosakira agwape. Pa mpope palembedwa kuti Winchester Model 94, kenako 30 W.C.F. Kunsi kwake kuli chitsulo chokhota chopisamo zala. Anandipatsanso kabokosi ka zipolopolo zakale. Chibadwire sindinawomberepo mfuti. Yagwira dzimbiri pang'ono, kodi ndiipale ndi sandipepa?

Yankho: Pepani ndi zovutazo, achimwene. Sandipepayo muikeni kutali, tibwerako. Choyamba ndi ichi: mpaka munthu wodziwa atatsimikiza ndi maso komanso ndi chala, mfutiyo muiyese yodzaza. Mfuti zosiyidwa ndi malemu n'zimene zimavulaza anthu m'nyumba, chifukwa amene ankadziwa ngati muli chipolopolo kapena ayi ndi uja anapitayo.

Pa mfuti ya mtundu umenewu, kuchotsa zipolopolo ndiye ntchito yofuna mtima wodekha kuposa kuwombera kumene. Yang'anani kunsi kwa mpope, muona kapaipi kena kakang'ono kotsatana nawo. Zipolopolo zimakhala mmenemo, zitandondozana, mphuno ya china itagunda kumbuyo kwa chinzake. Kapaipiko sikazuka ayi. Njira yake ndi yokankhira chitsulo chokhota chija, liva, pansi ndi kutsogolo mpaka kumapeto. Pamwamba pamatseguka, chipolopolo chomwe chinali m'chipinda chowombera, kumbuyo kwa mpope, n'kudumphira m'mwamba. Mukabweza liva, chotsatira chimalowa m'chipindamo, hamala ya kumbuyo, kachitsulo komenya kuti chipolopolo chiphulike, ili yokoka kale. Ndiye kuti chipolopolo chilichonse chimadutsa pamalo poti chingaphulike chisanatuluke. Chala chisayandikire kachitsulo kowombera, ndipo kukamwa kwa mfuti kuloze kumene kulibe munthu, ngakhale kuseri kwa khoma. Nyumba zambiri za kumeneko makoma ake ndi a matabwa ndi mabolodi a pulasitala, chipolopolo chimangobowola n'kupitirira.

Zikasiya kutuluka musanene kuti basi zatha. Sipuling'i ya m'kapaipi ikakalamba, kapena mafuta akale akauma, chipolopolo chimatha kukakamira m'katimo n'kudzatsika mawa lake mfuti itagwedezeka. Siyani liva yotsegula, unikani ndi tochi, pisani chala m'chipinda, ndipo muone kuti pakamwa pa kapaipi pakuoneka kachitsulo kokankha zipolopolo, osati mkuwa wa chipolopolo. Popeza inu simunaigwirepo, ntchito imeneyi musaiyambe nokha. Mwa alamu anu sangalephere mmodzi amene ankapita nawo kutchire malemuwo. Mumupemphe achite inu mukuonerera.

Za malamulo ndinene mwachidule, koma musazidumphe. Lamulo la dziko lonse la America limaletsa mlendo wokhala pa viza ya kanthawi, monga ya sukulu kapena ya ntchito, kukhala ndi mfuti kapena zipolopolo, kupatula pa zifukwa zochepa monga kukhala ndi chiphaso chosakira nyama. Wa green card, chilolezo chokhala m'dzikomo mokhazikika, lamulo limenelo silimukhudza. Ngati muli pa viza, mfutiyo ikhale kaye kwa alamu mpaka mutafunsa loya, chifukwa mlandu wake ungakuchotsetseni m'dzikomo. Chiphaso chosakira ku Pennsylvania munthu woyamba kumene amachipeza atachita maphunziro a Pennsylvania Game Commission, bungwe la boma loyang'anira za ulenje, ndipo ine ndingakonde mukachite ngakhale mulibe maganizo osaka.

Tsono chimene mwalandiracho si chinthu wamba. Anaikonza mapangidwe ake ndi John Browning, inatuluka mu 1894, ndipo zapangidwa zoposa 7 miliyoni. Zilembo za 30 W.C.F. ndi dzina lakale la chipolopolo chomwe lero m'sitolo amachilemba kuti .30-30 Winchester, chimene chinayamba mu 1895. Dzina lakaleli likundiuza kuti mfuti yanu ndi yamakedzana ndithu. Itembenuzeni, muwerenge nambala yomwe ili kunsi, kutsogolo kwa liva. Ikakhala yochepera 2,700,000, ndiye kuti inapangidwa chisanafike chaka cha 1964, pomwe kampaniyo inasintha kapangidwe pofuna kuchepetsa ndalama. Za chisanafike 1964 n'zimene osonkhanitsa mfuti amazifunafuna, ndipo mtengo wake umagwa zedi munthu akaipala kapena kuipaka vanishi watsopano. Mtundu wakuda wobiriwira wa pa chitsulowo ndiwo umachiteteza. Sandipepa amauchotsa pamodzi ndi dzimbiri, chitsulo n'kutsala pamtunda. Pamene pathetheka chifukwa cha dzanja la apongozi anu, pomwe ankaigwira poyenda m'nkhalango, pasiyeni choncho.

Dzimbiri la pamwamba lithireni mafuta a mfuti, ligone usiku, m'mawa mupukute ndi kansalu ka thonje. Likakana, tengani ubweya wachitsulo wosalala kwambiri, wa nambala 0000, muunyike m'mafuta n'kumasisita mopepuka ngati mukupukuta galasi la foni. Mafuta asachuluke, ndipo asayenderere kukalowa m'mtengo, amaufewetsa n'kuuchititsa ming'alu pafupi ndi chitsulo. Masikuluwo musawamasule. M'kati mwa Model 94 muli tizitsulo tambiri tovuta kubwezera, ndipo sikuludiraiva ya m'kabati ya kukhitchini imangowononga mitu yake. M'mpope kokanimo chingwe chotsukira kuchokera ku chipinda kutulukira kukamwa. Ndodo yolowetsera kukamwa imadya m'mphepete, ndipo mfuti yodyeka kukamwa siwombanso molunjika.

Musanawombe ngakhale kamodzi, pitani nayo kwa mmisiri wa mfuti. Akaone ngati m'mpope mulibe chotsekereza kapena potupa, akayeze ngati chitseko cha kumbuyo chikutseka chipolopolo mokwanira, ayesenso hamala. Apa ndiimepo pang'ono. Mfuti zakalezi zilibe kabatani kotsekera, kanadzabwera m'ma 1990. Chitetezo chake ndi kampata kapakati, pomwe hamala imaima mukaikoka theka chabe. Kampatako kakadyeka, mfuti ikagwa imalira. Ndipo kutsitsa hamala kuti ifike pamenepo, chala chachikulu chitaigwira, china chikukoka kowombera, ndi pamene ambiri amachitira ngozi, makamaka kukazizira zala zitauma. Phunzirani zimenezi mfuti ili yopanda kanthu mpaka dzanja lizolowere, ndipo mukamayenda nayo, m'chipinda chowombera musamakhale chipolopolo.

Kabokosi kakale kaja musakawombe. Simukudziwa mmene kanasungidwira, komanso alenje ambiri amabwezera okha wonga m'makoko akale, muyeso wake n'kupita nawo kumanda. Mungapezemonso za .32 Winchester Special, zomwe pa maso zimafanana kwambiri ndi .30-30. Kasiyeni kwa mmisiri. Gulani zatsopano zolembedwa .30-30 Win, za 150 kapena 170 grain (muyeso wa kulemera kwa chipolopolo), zamphuno yophwatalala kapena yobulungira. Zamphuno yosongoka yolimba n'zoletsedwa m'kapaipi kaja, chifukwa mfuti ikagunda paphewa nsonga ya china ingabaye poyatsira pa chinzake, zonse n'kuphulikira m'manja mwanu. Zosongoka zololedwa ndi za nsonga yofewa zopangidwira mfuti za liva, monga LEVERevolution za Hornady.

Tsiku loyamba pitani kumalo ophunzirira kuwombera ndi mphunzitsi, mutatseka makutu ndi kuvala magalasi, pakuti chikoko chotentha chimatulukira pamwamba pafupi ndi nkhope. Lowetsani chimodzi chimodzi, yambirani pa mayadi 25, ndipo liva muziikankha mwamphamvu mpaka kumapeto, kuinyengerera ndiko kumakakamiza zipolopolo. Ikakana kuwomba musadabwe, mwina simunaifinye liva mokwanira, inapangidwa kuti isalire isanatsekeke bwino. Kunyumba muziikhomera m'kabati yachitsulo pamalo ouma, osati m'chikwama chansalu chomwe chimasunga chinyontho, ndipo zipolopolo zikhale kwina ndi kiyi wakewake, kumene ana sangafike.