Chingerezi chinawapeza ali ndi chinenero chawo

Achimwene, mwafunsa kuti olemba a ku Ireland amavutikiranji ndi funso loti "ndine yani" pomwe amalankhula Chingerezi ngati Angerezi eni ake. Vuto lagona pomwepo. Chingerezicho chinawapeza ali ndi chinenero chawo, Chiairishi, chomwe chinayamba kufooka pansi pa ulamuliro wa Britain. Kenako kunagwa njala yoopsa kuyambira 1845 mpaka 1852, mbatatesi itaola ndi matenda m'minda. Anthu pafupifupi 1 miliyoni anafa, ena ochuluka chomwecho anasamuka, ndipo ambiri anali osauka akumidzi olankhula Chiairishi. Makolo otsala anayamba kukakamiza ana awo Chingerezi, poti ndicho chikanawapezetsa ntchito ku America.

Amene anandifika pamtima ndi James Joyce, m'buku lake la 1916, A Portrait of the Artist as a Young Man. Muli mnyamata Stephen akucheza ndi wansembe wachingerezi pa koleji ku Dublin, likulu la Ireland. Akukamba za kachipangizo kothirira mafuta mu nyale, kamene ife timati fanelo. Stephen akukatchula kuti tundish, wansembe uja n'kudabwa, kuyesa kuti ndi mawu a ku Ireland. Mnyamatayo mtima ukumupweteka, akuona kuti chinenero chomwe akulankhulacho mwini wake ndi wansembeyo, iye ngobwereka chabe, chikhalirecho ndi chomwe anakula nacho. Kumapeto kwa bukuli akukafufuza mawu aja n'kupeza kuti ndi Chingerezi chenicheni chakalekale, chomwe Mngerezi sankachidziwa! Ine amene ndinalimapo chibalo kusukulu chifukwa cholankhula Chichewa, nditawerenga pamenepa ndinatseka buku kaye.

Sikuti onse anayankha mofanana. Douglas Hyde ndi anzake anayambitsa bungwe la Gaelic League mu 1893 kuti adzutse Chiairishi. Samuel Beckett anakakhala ku Paris n'kumalemba m'Chifalansa. Seamus Heaney, wobadwira kumpoto kwa Ireland komwe kudakali pansi pa Britain, ndakatulo zake zitaikidwa m'buku la alakatuli a ku Britain anayankha mu 1983 ndi ndakatulo yokana dzinalo, kunena kuti pasipoti yake ndi yobiriwira, kutanthauza ya Ireland.

Joyce yemweyo anachoka ku Ireland mu 1904 n'kukamwalirira ku Zurich mu 1941, koma m'zaka zonsezo ankangolemba za Dublin, misewu yake ndi kalankhulidwe ka anthu ake. Ngati mukufuna poyambira, pezani buku la 1916 lija mukawerenge chaputala chachisanu.