Kamzere ka mu "small-business loan" si kokongoletsa ayi

Mayi wina wogwira ntchito ya ulembi ku Luwinga wandilembera imelo. Abwana ake amubwezera kalata chifukwa analemba "Small Business Loan", ndiye akufunsa ngati pakufunika hyphen, kamzere kolumikiza mawu kaja, komanso ngati zilembo zazikuluzo zili m'malo.

Abwanawo sanalakwe, mayi. "Small-business loan" ndi ngongole ya mabizinesi ang'onoang'ono. Mukachotsa kamzereko, wina atha kumva kuti ngongoleyo ndiyo yaing'ono. Pa nkhani ya ndalama, kusamvana kotere kumabala milandu.

Mawu awiri kapena atatu akagwirizana kufotokoza dzina lowatsatira, alumikizeni: "a full-time driver", "a long-term plan". Dzina likatsogola, kamzere kamachoka: "the driver works full time". Muonjezi wothera ndi -ly safuna kamzere, choncho ndi "a newly appointed officer" basi. Pa manambala mpamene ambiri amapunthwa. Timalemba "a three-day workshop" ndi "a 50-kilogram bag", popanda s, ngakhale masikuwo ndi atatu. Onaninso izi: "twenty four-hour shifts" ndi mashifiti 20 a maola anayi, pomwe "twenty-four-hour shifts" ndi mashifiti a usana ndi usiku. Malipiro a mlonda agona pamenepo.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri ndi zilembo zazikulu. M'maofesi mwathu muno mu Mzuzu timaziwaza paliponse poganiza kuti ndi ulemu: Meeting, Budget, Manager, zonse pakati pa chiganizo. Ulemu uli m'malonje a kalata ndi m'kayankhulidwe, osati m'kukula kwa chilembo. Tsamba lodzaza zilembo zazikulu limatopetsa maso, ndipo dzina lenileni ngati Mzuzu University limasowa pakati pa zinzake. Dzina lenileni, ngati la malo, limasunga chilembo chake chachikulu ngakhale mwalilumikiza: "a Mzuzu-based supplier".

Chinanso, musasiye mpata mbali zonse za kamzere, chifukwa Microsoft Word imakatalikitsa n'kukhala chizindikiro china. Ngati mawu olumikizidwa akuduka kumapeto kwa mzere, lembani kamzere kawo podina Ctrl, Shift ndi kamzereko pamodzi, sadukanso.

Tsono kalata yanu ija: m'kati mwa chiganizo lembani "small-business loan". Pamutu wa kalata sankhani "Small-Business Loan Application" kapena "Small-business loan application", malinga ndi mmene ofesi yanu imalembera mitu, ndipo mitu yonse ya m'kalatamo itsate njira yomweyo.